Anatcha mwana wanga wampatuko kumanda: mawuwa amatanthauza chiyani, nanga ndide nkhawa?

Mayi wina wa ku Chawama, kuno ku Lusaka, wandilembera kalata yaitali, ndipo ndaifupikitsa chonchi: "Aphunzitsi, ine ndi ana anga tinakulira mumpingo umodzi, womwe makolo athu anabwera nawo kuchokera kummawa. Chaka chatha mwana wanga wachisamba, wa zaka 24, anasiya kupita nafe n'kuyamba kupemphera ndi kagulu kena kamene kamakumana m'kalasi ya pasukulu Lamlungu masana. Ntchito sanasiye, kunyumba amabwera, ya ndiwo amasiya. Koma mwezi watha pa maliro a agogo ake ku Chingwere, atapempha kuti apemphere tisanachoke kumanda, azakhali ake anakuwa kuti wampatuko sangatsegule pakamwa pa manda a mkulu wa mpingo. Kuyambira tsiku limenelo mwanayo sapondako kwa abale a bambo ake, ndipo ine tulo sindikutiona. Kodi mawu akuti mpatuko amatanthauza chiyani, anachokera kuti? Ndi chitonzo kapena ndi a m'Baibulo? Nanga mwana wangayu watayika?"

Amayi, pepani ndi maliro, pepaninso ndi bala lachiwiri limene munabwera nalo kuchokera kumanda. Mtima ukhale pansi kaye. Pa zonse mwalembazi sindikuonapo mwana wotayika. Mnyamata amene amapita kuntchito, amabwera kudzaona mayi ake, amasiya ya ndiwo, ndiponso amalakalaka kupempherera agogo ake kumanda, ameneyo akadali wanu. Ndaphunzitsa Chinyanja zaka zambiri, ndakhalanso pa milandu ya mumpingo monga mkulu, ndipo mawu amenewa ndawamva akuponyedwa kambirimbiri. Kawirikawiri woponyayo sanakhalepo pansi n'kuwasenda kuti aone zili m'kati mwake. Tiyeni tiwasende limodzi.

Tsinde la mawuwa ndi lathulathu, la m'njira za kumudzi. Kupatuka ndi kusiya njira imene umayendamo n'kulowera ina. Mukakwera basi ku Intercity kupita kwanu kummawa, mumawoloka mlatho wa Luangwa, kudutsa Nyimba ndi Sinda, ndipo pa Katete pali msewu wopatukira ku Chanida, kumalire ndi Mozambique. Amene watsikira pamenepo timati wapatuka, ndipo palibe amamuyesa wolakwa. Kumudzi munthu akamadutsa pafupi ndi khomo timamuitana kuti, "Patukaniko, mumweko madzi," ndipo wopatukayo timamuyalira mphasa. Mu mneni weniweniwo mulibe tchimo, mulibe temberero.

Chinyanja chili ndi aneni ambiri oyenda awiriawiri, wina wothera ndi -ula, wina ndi -uka. Ine ndimatsegula chitseko, chitseko chimatseguka. Ndimadula chingwe, chingwe chimaduka. Ndimapasula nyumba, nyumba imapasuka. Wa -ula amanena za munthu amene akuchitira chinthu china, wa -uka amanena za chimene chikuchitika pachokha. Chimodzimodzi kupatula ndi kupatuka. Mlimi amapatula chimanga cha mbewu kuti chisadyedwe, amapatulanso nkhuku yodwala chitopa kuti isapatsire zinzake. Munthu amapatuka yekha, ndi miyendo yake. Tikaika m- kutsogolo ndi -o kumapeto timapanga dzina, monga mmene kusonkhana kumaberekera msonkhano ndi kugwirizana kumaberekera mgwirizano. Ndiye kupatuka kumabereka mpatuko, yambiri ndi mipatuko, munthu mmodzi ndi wampatuko, ambiri ndi ampatuko.

Tsopano tengani Baibulo lanu lakale lija muone pachikuto. Lalembedwa kuti Buku Lopatulika. Mawu amene timatchulira zinthu zoyera za Mulungu, malo opatulika, tsiku lopatulika, amachokera pa tsinde lomwelo lobereka mpatuko. Wopatulika ndi wampatuko ndi ana a mimba imodzi. Onse awiri sali pamodzi ndi gulu. Chosiyana n'chakuti wina timakhulupirira kuti anamuika padera ndi Mulungu, winayo timamuneneza kuti anadziika padera yekha. Ndikamaphunzitsa zimenezi ana asukulu ankakhala chete kwa kanthawi, chifukwa ankazindikira kuti pafupifupi gulu lililonse lotchedwa mpatuko limadziona lokha ngati lopatulika.

Palinso china chimene mawuwa amabisa. Kuti unene kuti wina wapatuka, uyenera kuyamba wanena kuti msewu waukulu ndi uti. Pa Kapiri Mposhi msewu umagawikana, wina kupita ku Ndola, wina ku Mpika mpaka ku Nakonde. Wa basi ya ku Ndola amaona anzake akupatukira kumanja, wa basi ya ku Nakonde amaona kuti iye akupitiriza ulendo wake. Mawu akuti mpatuko amatiuza kumene wolankhulayo waima. Sindinakumanepo ndi munthu wodzitcha yekha wampatuko. Dzinali munthu amachita kupatsidwa ndi amene wawasiya.

Munafunsa ngati ndi mawu a m'Baibulo. Inde, alimo, ndipo mpamene anapezera mphamvu imene ali nayo lero. Baibulo lathunthu la Chinyanja limene ambiri tinakulira nalo linatuluka mu 1922, ntchito imene anaitsogolera ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed ku Nyasaland, pamodzi ndi anzake ochokera ku mishoni zina ndi aphunzitsi achikuda. Omasulirawo atakumana ndi liwu la Chigiriki lakuti hairesis anatenga mawu a m'njira aja. Liwu la Chigirikilo poyamba linkatanthauza kusankha, kenako gulu la anthu amene asankha chiphunzitso chimodzi. Limapezeka kasanu ndi kanayi m'Chipangano Chatsopano, ndipo kasanu ndi kamodzi mwa maulendo amenewo lili m'buku la Machitidwe.

Ndikupempheni mutsegule Machitidwe muwerenge nokha. Pa 5:17 Asaduki akutchedwa mpatuko, pomwe iwowo ndi amene anali ndi mkulu wa ansembe ndi kachisi m'manja mwawo. Pa 15:5 Afarisi akutchedwanso mpatuko. Pa 26:5 Paulo akunena za moyo wake wakale monga Mfarisi, ndipo liwulo akuligwiritsa ntchito popanda manyazi, ngati mmene munthu anganenere chipani chake. Koma mukafika pa 24:5 mupeza woneneza Paulo, Tertulo, akumuimba mlandu pamaso pa kazembe Felike kuti ndi mtsogoleri wa mpatuko wa Anazarene. Pa vesi 14 Paulo akuyankha kuti njira imene iwo akuitcha mpatuko ndi imene iye akutumikiramo Mulungu wa makolo ake. Ndipo pa 28:22 Ayuda a ku Roma akumuuza kuti amva kuti mpatuko umenewu ukunenezedwa paliponse. Choncho anthu oyamba kunyozedwa ndi dzina limeneli m'Baibulo ndi Akhristu eni ake, Paulo ali patsogolo.

Sindikufuna kukubisirani mbali inayo. M'makalata liwuli limalemera. Pa Agalatiya 5:20 lili m'gulu la ntchito za thupi, pamodzi ndi ndewu ndi kaduka. Pa 2 Petro 2:1 likunena za aphunzitsi onyenga olowetsa ziphunzitso zowononga. Pa 1 Akorinto 11:19 Paulo akudandaula za magawano pa Mgonero wa Ambuye. Azakhali aja akanafuna vesi akanalipeza. Koma taonani amene akudzudzulidwa m'mavesi amenewa: ogawanitsa abale chifukwa cha kaduka, ndi aphunzitsi odyera anthu masuku pamutu. Mnyamata wofuna kupempherera agogo ake sindikumuonamo.

Vuto lina n'lakuti ife timanyamula katundu wa mitundu itatu m'thumba limodzi. Agiriki anali ndi hairesis, imene pambuyo pake inayamba kutanthauza kuphunzitsa zosiyana ndi chikhulupiriro cha mpingo. Anali ndi schisma, kutanthauza kung'ambika, liwu lomwelo limene Yesu anatchula ponena za chigamba chatsopano pa nsalu yakale. Uku n'kugawikana kwa mpingo ngakhale chikhulupiriro chili chimodzi. Anali ndi apostasia, kutaya chikhulupiriro chonse. Mpingo wa Katolika umasiyanitsa zitatuzi m'malamulo ake a mu 1983, pa lamulo la 751. Ife zonsezi timangoti mpatuko. Mboni za Yehova m'mabuku awo a Chichewa amati ampatuko ponena za anthu amene anali a Mboni n'kutuluka, n'kuyamba kutsutsa gululo, pomwe anthu a mipingo ina akhala akutcha a Mboniwo kuti ampatuko kwa zaka zambiri. Liwu limodzi, aliyense akuloza mnzake. Mwana wanu, malinga ndi kalata yanu, sanataye chikhulupiriro, ndipo simunatchule chiphunzitso chachilendo chilichonse. Wasamuka tchalitchi, basi.

Tikayang'ana mbiri ya mipingo imene timaiona ngati msewu waukulu, tipeza kuti nayonso inapatukapo penapake. Martin Luther anachotsedwa mu mpingo wa Roma mu 1521, ndipo mipingo yonse ya Chipulotesitanti inatchedwa mipatuko kwa zaka mazana. Mishoni ya Dutch Reformed imene inamanga misasa pa Magwero pafupi ndi Chipata mu 1899 ndi mdzukulu wa kupatukana kumeneko. Ku Scotland, mu 1843, abusa oposa 400 anatuluka mu mpingo wa boma chifukwa chokana kuti eni malo olemera azisankhira mipingo abusa, n'kuyambitsa Free Church of Scotland. Mpingo wotulukawo ndi umene unatumiza Robert Laws ndi anzake kukayamba mishoni ya Livingstonia mu 1875, ndipo Livingstonia ndi imene inatumiza David Kaunda, bambo a pulezidenti wathu woyamba, ku Chinsali kumene kunabadwa mishoni ya Lubwa. Ndiwonjezeponso ichi, popeza ndinu wa kummawa: agogo athu oyamba kubatizidwa, pamaso pa akuluakulu a kudambwe ndi a kukachisi wa mizimu, ndiwo anali opatuka pa njira ya makolo. Ambiri a iwo anamva mawu owawa ngati amene mwana wanu anamva ku Chingwere.

Pali chifukwa china chimene ndimaopera liwu limeneli, ndipo n'chifukwa cha magazi amene dziko lino laona. Mu 1908 ndi 1909 Elliot Kamwana anabatiza anthu zikwizikwi kwa Atonga a ku Nkhata Bay ku Nyasaland polalikira za Watch Tower, boma la atsamunda n'kumuchotsa m'dzikomo. Kuchokera pa dzina la Chingerezilo kunabadwa liwu lakuti Chitawala, limene linasanduka dengu lotayiramo aliyense wopemphera kunja kwa mishoni. Tomo Nyirenda, wodzitcha Mwana Lesa, amene anamiza anthu m'madzi powaganizira ufiti kwa Alala mu 1925 ndipo ananyongedwa mu 1926, ankatchedwa wa Chitawala. Mlimi wofatsa wongowerenga timabuku kunyumba kwake ankatchedwanso wa Chitawala. Dzina limodzi linaphimba wakupha ndi wosalakwa, ndipo wosalakwayo analipira mlandu wa mnzake.

Nkhani ya mpingo wa Lumpa ndi yowawa koposa. Alice Lenshina wa ku Chinsali ananena mu 1953 kuti anafa n'kuuka atatumidwa ndi Yesu. Poyamba anali pansi pa mishoni ya Lubwa, koma pasanathe zaka zambiri anasiyana nayo n'kuyambitsa mpingo wa Lumpa, ndipo anthu zikwi makumi anamutsatira, kuphatikizapo ambiri a ku Lundazi. Nyimbo zake za Chibemba zinkakoka anthu, ndipo ankawauza kuti ataye zithumwa ndi nyanga. Robert Kaunda, mkulu wake wa Kenneth Kaunda, anali mmodzi wa iwo, kusonyeza kuti kugawikanako kunadutsa m'kati mwa mabanja monga kwadutsira mwa lanu. Mkangano wawo ndi chipani cha UNIP unakula mpaka mu July ndi August 1964, ufulu utangotsala pang'ono, kunabuka nkhondo. Mbali zonse ziwiri zinapha, koma ambiri mwa akufa, amene ngakhale boma linawerenga kuti anaposa 700, anali a Lumpa ophedwa ndi mfuti za asilikali. Mpingowo unaletsedwa, ambiri anathawira ku Congo, ndipo Lenshina anamwalira kuno ku Lusaka, ku Chilenje, mu December 1978, ali pa ukaidi wa pakhomo. Ku Malawi, Mboni za Yehova zinaletsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula makadi a chipani, ndipo mu 1972 zikwi zambiri zinathawira kwathu kuno, ku msasa wa Sinda Misale kummawa, kumene ambiri, makamaka ana, anafa ndi matenda. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Pa nkhani zonsezi, anthu asanawotche nyumba za anzawo ankayamba awapatsa dzina lowachotsa pagulu.

Lusaka amene mwana wanu akukuliramo ndi wosiyana ndi amene ife tinamupeza. Ngakhale kale mzindawu unali ndi olambira akunja kwa mishoni, monga Apostoli a Johane Masowe a ku Marrapodi, odziwika ndi zovala zoyera ndi luso losula zidebe ndi kuluka madengu. Koma kuyambira pamene Frederick Chiluba analengeza pa 29 December 1991 kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu, mipingo yatsopano yachuluka moti Lamlungu pasukulu imodzi mumatha kupeza kalasi iliyonse ili ndi mpingo wake. Mipingo ikuluikulu nayo inang'ambika. Mu 1993 anthu ena anatuluka mu United Church of Zambia n'kuyambitsa Grace Ministries, ndipo mu 2001 ena anatuluka mu Reformed Church in Zambia n'kuyambitsa Bible Gospel Church in Africa (BIGOCA). Gwero la mikanganoyo linali kapempheredwe: kupemphera onse pamodzi mokweza, malilime, kupempherera odwala, kutulutsa ziwanda. Amene ankatchedwa ampatuko nthawi imeneyo lero ndi mipingo yokhazikika, abusa awo amakhala pa benchi limodzi ndi anzawo pa maliro ndi pa misonkhano, ndipo zina mwa zinthu zimene zinawachititsa kuchoka zinalowa m'mipingo yomwe anaisiyayo. Akatolika nawo, kuyambira pa msonkhano wawo waukulu wachiwiri wa ku Vatican, mu 1964, anasankha kutcha Akhristu a mipingo ina kuti abale olekana nawo. Anaona kuti dzina lakale lija limatseka khomo limene iwo ankafuna litseguke.

N'chifukwa chiyani achinyamata amachoka? Pa milandu imene ndakhalapo, chiphunzitso sichinali chifukwa chachikulu. Wina anatopa kukhala pa benchi zaka khumi osapatsidwa ngakhale mpata wowerenga mawu, ndipo kwinako anamupatsa maikolofoni sabata yachiwiri. Wina anaikidwa pa chilango pagulu mwa njira yomuchotsa ulemu, manyazi n'kumuthamangitsa. Wina anatsata bwenzi, wina nyimbo, wina ulaliki wa m'Chingerezi chosakaniza ndi Chinyanja cha m'tauni chimene amachimva bwino kuposa cha m'buku la nyimbo. Ambiri ndi a ulova, ofuna malo pamene wina angatchule vuto lawo ndi dzina n'kuwapempherera. Ndipo ena, tivomereze, anakumanadi ndi Mulungu kumeneko mwa njira imene sanakumane naye kwathu. Akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ndaonaponso anthu amene tinawadula tokha mumpingo, kenako n'kumawatcha ampatuko ngati anachoka mwa kufuna kwawo. Pamenepo ngakhale galamala inatitsutsa, chifukwa munthu amene wapatulidwa ndi ena sitinganene kuti wapatuka.

Komatu, amayi, sindingakuuzeni kuti gulu lililonse ndi labwino. Alipo magulu owononga, ndipo nkhawa yanu ya umayi ili ndi malo ake. Ku Kanungu ku Uganda, mu March 2000, anthu mazana ambiri a gulu lina anapsera m'nyumba yopemphereramo, ena n'kupezeka atakwiriridwa m'maenje. Ku Shakahola ku Kenya, kuyambira mu 2023, apolisi anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu amene anauzidwa kusala kudya mpaka imfa. Zimenezi zinachitikadi. Chimene ndikutsindika n'chakuti liwu lakuti mpatuko silingakuthandizeni kuzindikira gulu loopsa, chifukwa limangonena kuti gululo ndi latsopano kapena ndi laling'ono. Kukumana m'kalasi si mlandu, mipingo yambiri yolemekezeka inayambira pansi pa mtengo. Chofunika kuyang'ana ndi zimene gululo likuchita pa moyo wa mwana wanu.

Muone ngati akumuletsa kuyendera abale, kapena kumuuza kuti mayi ake kapena agogo ake ndi mfiti zimene zamanga mwayi wake. Ichi ndachiona chikupasula mabanja ambiri m'makomboni athu, ndipo nkhalamba zosalakwa zathamangitsidwa m'nyumba zawo chifukwa cha ulosi wotere. Muone za ndalama: chakhumi ndi chopereka zili paliponse, koma munthu akayamba kutenga kaloba kuti akabzale mbewu kwa mneneri, kugulitsa katundu, kapena kugula mafuta ndi madzi odzozedwa pa mtengo wa thumba la ufa, zinthu zafika poipa. Muone za thanzi: gulu louza wodwala kuti asiye ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a khunyu chifukwa wachiritsidwa, likusewera ndi moyo wa munthu. Ndaikapo maliro a anthu otere, ndipo sindifuna kuikanso ena. Muonenso mtsogoleri wake. Kodi pali amene angamufunse? Pali akulu a mpingo, pali buku la ndalama limene mamembala angalione? Kapena mawu ake ndi omaliza pa za ukwati, ntchito ndi sukulu ya aliyense? Mtsogoleri woitanira atsikana kuchipinda kapena kuphiri usiku paokha, wosalitsa ana aang'ono chakudya, kapena wotchula tsiku la kutha kwa dziko n'kuuza anthu asiye ntchito, ameneyo muthaweni ngakhale atakhala ndi tchalitchi chachikulu cha magalasi. Zoipa zimenezi zimapezekanso nthawi zina m'mipingo yakale imene palibe amaitcha mpatuko.

Mukaona chimodzi mwa zimenezi musalimbane nacho nokha. Ngati pali kumenyedwa, kugwiriridwa, kutsekeredwa kapena kulandidwa katundu, pitani ku Victim Support Unit pa polisi imene muli nayo pafupi. Ngati pali mwana wamng'ono amene ali pangozi, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Ngati wina wasiya mankhwala, thamangirani kukiliniki kumene amalandirira mankhwalawo, alangizi a kumeneko nkhani zotere amazidziwa ndipo amatha kulankhula ndi munthu popanda kunyoza chikhulupiriro chake. Ngati mwana wanu atayamba kusagona masiku angapo, kumva mawu amene ena sakuwamva, kukana chakudya kapena kulankhula za kufa, muonetseni kwa dokotala msanga, kukiliniki kapena kuchipatala cha matenda a maganizo cha Chainama, pemphero likupitirira. Mungathenso kufunsa ngati mpingowo unalembetsedwa kwa Registrar of Societies ndiponso ngati uli pansi pa bungwe lina la mipingo, monga Evangelical Fellowship of Zambia kapena Council of Churches in Zambia. Kulembetsa sikutsimikizira kuti zonse zili bwino, koma mtsogoleri wokwiya ndi funso limeneli wakuuzani kale kanthu. Dziwaninso kuti malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 19, amapatsa munthu aliyense ufulu wa chipembedzo, kuphatikizapo ufulu wosintha. Mnyamata wa zaka 24 simungamukoke ndi chingwe, ndipo kuyesa kutero kumangomukankhira kwa anthu amene mukuwaopawo.

Tibwerere kwa azakhali. Ndisawaweruze mopitirira, chifukwa anali akuika bambo awo owabereka, ndipo chisoni chimatulutsa mawu amene munthu sakanawanena tsiku lina. Pa mfundo imodzi anali ndi chonena: mwambo wa maliro a mkulu wa mpingo umayendetsedwa ndi mpingo wake, ndipo wofuna kulankhula kapena kupemphera amapempha kwa oyendetsa mwambo nthawi isanakwane, osati kumanda. Mwana wanu akanauzidwa zimenezi pambali, mwaulemu, nkhani ikanathera pomwepo. Cholakwika ndi dzina limene anam'patsa, pagulu, pa manda a agogo ake. Liwu limenelo linamuuza kuti pemphero lake ndi lodetsedwa ndipo iye salinso mdzukulu pakhomopo. N'chifukwa chake sapondako. Chibale ndi fupa, sichiola, koma fupa likathyoka limafuna womanga.

Womangayo asakhale inu nokha, chifukwa mlamu ndi mlamu nkhani imatha kusanduka ina. Pemphani amalume ake a mwanayo, atengane ndi mmodzi wa abambo ake aang'ono kapena ankhoswe a ukwati wanu, akakhale pansi ndi azakhaliwo masiku a chisoni akachepako. Asapite kukatsutsana za mipingo. Akangonena kuti mwana anapwetekedwa, ndipo akufunika kumva kuchokera pakamwa pa azakhali ake kuti akadali wa pakhomopo. Ngati abusa anu ndi munthu womvetsa, auzeni nawonso, chifukwa mawu awo amodzi kwa amayi a mpingo akhoza kuletsa dzinali kufalikira.

Kwa mwana wanu, musayambe ndi funso lakuti udzabwerera liti. Mufunseni chimene anapeza kumeneko, ndipo mumvetsere mpaka amalize. Kenako mupempheni kuti Lamlungu lina akutengeni. Valani chitenje chanu, khalani kumbuyo, mverani ulaliki, onani mmene chopereka chikuyendera, onani ngati muli mabanja ndi okalamba kapena achinyamata okhaokha ozungulira munthu mmodzi, ndipo pomaliza mupatseni moni mbusayo monga mayi wa membala wake. Mbusa wabwino amakondwera kuona kholo. Maso anu a tsiku limodzi adzakuuzani zambiri kuposa mphekesera za chaka chonse. Anthu akakufunsani za iye, yankhani kuti amapemphera kwina, n'kutchula dzina la mpingo wakewo monga mmene eni ake amautchulira.

Ndipo poti mudzakhala ndi mwambo wovundukula chiliza cha agogo akewo, uzani amalume aja kuti pokonza ndondomeko ya tsikulo apemphe banja ndi akulu a mpingo, nthawi ikadalipo, kuti mdzukulu wachisambayo apatsidwe mpata wa pemphero limodzi, kaya kumanda kaya kunyumba anthu asanadye nsima.